Sizasi, Phala ndi Mbendera: Malawi wa Pakhoma ku Mhangura

Ku America, mwezi wa July ukamayandikira, masitolo ogulitsa mapepala amadzaza ndi zofiira, zoyera ndi zabuluu. Anthu amagula mapepalawo kuti akonze makhadi ndi mabuku omatamo zithunzi okumbukira tsiku la 4 July, lomwe dziko lawo linapata ufulu. Ambiri masiku ano sagwiranso sizasi. Ali ndi makina odulira mapepala, monga Cricut yomwe kampani ya Provo Craft ya ku Utah inatulutsa mu 2006. Munthu amasankha nyenyezi kapena mbendera pakompyuta, kampeni kam'kati mwa makinawo n'kudula bwinobwino osaphonya mzere. Chizolowezichi n'chakale kuposa makinawo: mlembi Mark Twain analembetsa kuboma mu 1873 buku lake lomatamo zinthu, lomwe masamba ake ankabwera ali kale ndi guluu.

Tsiku lathu ife limabwera patangopita masiku awiri, pa 6 July. Ndipo ntchito yodula ndi kumata dziko lako papepala ili ndi mbiri yake pakati pa Amalawi, makamaka iwo amene tsikuli linawapeza ali kutali ndi kwawo. Amodzi mwa malo otere ndi Mhangura, tauni ya mgodi wa mkuwa m'boma la Makonde, kumpoto kwa Chinhoyi m'dziko la Zimbabwe, pamodzi ndi mafamu a fodya ndi chimanga amene anaizungulira.

Kalelo dzina lake linkalembedwa kuti Mangula, ndipo boma lonselo linkatchedwa Lomagundi. Kampani ya Messina ya ku South Africa ndi imene inatsegula mgodi waukuluwo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Koma anthu a ku Nyasaland anali atafika kale kuderali mgodi usanatsegulidwe. Msonkho ndi thangata zinkawathamangitsa kumudzi, ndipo alimi achizungu a ku Southern Rhodesia ankafuna manja otchipa. Ena ankayenda wapansi kudzera ku Tete ndi Mtoko, ena ankawoloka Zambezi ku Feira n'kutsikira ku Sinoia, yomwe lero ndi Chinhoyi. Pambuyo pake kunabwera malole a Ulere, kenako bungwe lolemba anthu ntchito lomwe anthu analipatsa dzina loti Mthandizi. Ofika kumeneko ankatchedwa mayina osiyanasiyana: Manyasarandi, Mabhurandaya (kuchokera ku dzina la Blantyre), ngakhalenso Mabwidi, lomwe ndi lonyoza. Kumudzi, amene sanabwerere ankatchedwa machona.

Pepala loyamba limene munthu wotere ankakumana nalo linali chitupa. Pamenepo pankalembedwa dzina lake, la mfumu yake, boma lochokera, ndi dzina la bwana womulemba ntchito. Wopanda chitupa ankamangidwa. Pafamu panalinso tikiti, yomwe kapitawo ankachonga tsiku lililonse logwira ntchito, ndipo malipiro ankabwera tikiti ikadzaza, osati mwezi ukatha. Charles van Onselen anafotokoza za moyo wa m'makomboni a m'migodi m'buku lake Chibaro la mu 1976. Mapepala onsewa anali a bwana ndi a boma. Ankanena za munthuyo, koma iye analibe mawu pa zolembedwazo.

Khoma la m'nyumba ndiye linali lake. Nyumba za m'komboni ya pafamu zinali za mitengo ndi dothi, zofolera ndi udzu. Za pamgodi zinali za njerwa, koma zonse zinali za kampani. Chimene wantchito akanatha kusintha chinali cha m'kati. Nyuzipepala zakale zinkamatidwa pakhoma ndi phala la ufa, mwina pofuna kutchinga fumbi, mwina pofuna kukongoletsa. Amayi ankapinda pepala kangapo, n'kulidula ndi sizasi kapena lezala, ndipo akalitambasula munkatuluka mano a macheka, timaboo ndi timaluwa. Limenelo linkayalidwa pashelefu ya mbale ndi makapu, n'kumasinthidwa Khirisimasi ikayandikira. Amene anakulira m'makomboni a kum'mwera kuno kwa Africa akuzidziwa zimenezi. Makina a ku Utah aja amachita ntchito yomweyi, kusiyana kwake n'kwakuti mayi wa pakomboni ankasunga chithunzi cha maluwawo m'mutu.

Zodula zinalipo. Kampani ya African Newspapers ya ku Salisbury inkasindikiza nyuzipepala ya Chinyanja yotchedwa Bwalo la Nyasaland, komanso magazini ya African Parade yomwe inayamba mu 1953, chaka chimene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa. Nyuzipepala imodzi inkayenda m'manja ambiri. Wodziwa kuwerenga ankawerengera anzake madzulo, ndipo ikatha ntchito imeneyo m'pamene lezala inkalowapo: chithunzi cha timu ya mpira, cha woyimba, cha mtsogoleri wandale. Chotsala chinkapita kopichirira fodya.

Chithunzi cha mtsogoleri ndicho chinali ndi minga. Chipani cha Nyasaland African Congress chinali ndi nthambi ku Southern Rhodesia, ndipo ndalama za anthu a m'migodi ndi m'matauni zinkathandiza kuchiyendetsa. Dr Hastings Kamuzu Banda atabwerera kwawo pa 6 July 1958, sipanathe miyezi yambiri asanalankhule pamsonkhano ku Highfield mu Salisbury, ndipo boma la kumeneko linamuletsa kulowanso m'dzikolo. Analowabe, koma ali womangidwa: pa 3 March 1959 anamugwira ku Nyasaland n'kukamutsekera kundende ya Gwelo, komwe anakhala mpaka pa 1 April 1960. Anzake ambiri anawatsekera ku Khami, pafupi ndi Bulawayo. Masiku ochepa izi zisanachitike, boma la Southern Rhodesia linali litaletsa kale Congress m'dziko mwake. Mnyamata wina wokulira kumgodi wa ku Que Que, Aleke Banda, anamangidwa ali pasukulu n'kuthamangitsidwira ku Nyasaland, komwe anathandiza Orton Chirwa kuyambitsa Malawi Congress Party ndi nyuzipepala ya Malawi News. M'nyengo ngati imeneyo, khadi la chipani kapena nkhope ya Kamuzu sizinali zoika poyera pafamu pomwe bwana akanatha kukuchotsa ntchito ndi nyumba tsiku limodzi. Malo ake anali pansi pa sutikesi, kapena pakati pa masamba a Buku Lopatulika.

Ufulu wa pa 6 July 1964 unabweretsa mbendera yakuda, yofiira ndi yobiriwira, yokhala ndi dzuwa lotuluka. Munthu wa ku Mangula sanaone ikukwezedwa ku Blantyre. Kwa ambiri, dziko latsopanolo linafika pakona ya envelopu. Masitampa okumbukira ufulu anali ndi nkhope ya Kamuzu, ina ili pamodzi ndi mbendera, ina ndi dzuwa lotuluka, ndipo mawu akuti Nyasaland anali atachoka. Ndimaganiza kuti kapepala kameneka, kochepa ngati chikhadabo, kanaphunzitsa machona ambiri dzina la dziko lawo kuposa msonkhano uliwonse. Wobwera kutchuthi ankabweretsa zina: kalendala, magazini ya Moni yomwe Akatolika anayamba kusindikiza ku Limbe mu 1964, nsalu ya chipani, ndipo kuyambira mu 1971, khobidi la 1 tambala lokhala ndi tambala weniweniyo.

Tisakometse nkhani. Khadi la chipani limene mu 1959 munthu ankabisa monyadira, pofika m'ma 1970 linali litasanduka chitupa china. Wobwerera kumudzi ankayenera kuligula kuti akwere basi kapena alowe mumsika, chifukwa anyamata a chipani ankaima pachipata. Choncho tikapeza makhadi otere m'sutikesi ya agogo, sitinganene msanga kuti ndi umboni wa chikondi. Mwina ndi lisiti chabe la mantha.

Ku Rhodesia nakonso zinthu zinatembenuka. Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu pa 11 November 1965, nkhondo inayambira pakhomo penipeni: pa 28 April 1966 asilikali 7 a ZANU anaphedwa pafupi ndi Sinoia. Nthawi imeneyo Kamuzu anali pa ubwenzi ndi Apwitikizi a ku Mozambique ndi boma la tsankho la South Africa, komwe anakacheza mu 1971. Nkhope yomwe poyamba inkakwiyitsa bwana, tsopano ikanatha kukwiyitsa omenyera ufulu. Wantchito wa pafamu anali pakati, ndipo mbali zonse ziwiri zinkamukayikira.

N'chifukwa chake, monga ndikuonera, Malawi wa pakhoma nthawi zambiri sanali wa ndale. Anali chithunzi chojambulitsa kusitudiyo, bambo atavala suti ndi wotchi, choti chimodzi chitumizidwe kumudzi, china chitsale. Anali khadi la ubatizo la CCAP, mpingo umene unatsatira anthu ake kuyambira pamene m'busa T.C.B. Vlok anayamba ntchito ku Salisbury mu 1912, mpaka Sinodi ya kumeneko inaima payokha mu 1965. Anali kabuku ka bungwe lothandizana pamaliro, komwe msungichuma ankalemba zopereka za mwezi ndi mwezi. Anali chithunzi cha timu ya Mangula, ya abale a Chieza, yomwe Tendai Chieza wake anasankhidwa kukhala katswiri wa mpira wa dziko lonse mu 1970. Ana a machona ankaichemerera timuyo ngati yawo, pakuti inalidi yawo. Zina sizikanatheka kumatidwa n'komwe. Gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, ankatuluka m'makomboni Loweruka ndi Lamulungu, ndipo zake sizilembedwa.

Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, mayina anasintha. Mu 1982 Mangula inakhala Mhangura, mawu a Chishona otanthauza mkuwa, ndipo patapita zaka zochepa kampani ya boma ya ZMDC inatenga mgodiwo. Mtengo wa mkuwa unagwa, miyala yabwino inachepa pansi, ndipo mu 2000 mgodi unatsekedwa. Chaka chomwecho kulanda mafamu kunayamba. Mzika yeniyeni inali ndi mudzi wothawirako. Mwana wa mchona, wobadwira pafamu ku Doma kapena m'chipatala cha pamgodi, analibe munda kwa mfumu iliyonse ya m'Zimbabwe, ndipo mudzi wa ku Dedza kapena ku Mangochi ankangoumva m'nkhani za madzulo. Akuluakulu amati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Koma mwambiwu umaganiza kuti munthu akukudziwa kwawoko.

Kenako boma linafunsa mapepala. Lamulo la mu 2001 linati aliyense amene angathe kukhala mzika ya dziko lina akane umzika umenewo pofika mu January 2002, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Anthu amene sanapondepo ku Malawi anauzidwa kuti akakane Malawi, ku ofesi za ku Harare, ndi ndalama zimene analibe. Ambiri anatsala ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo, ndipo sakanatha kuvota. Ena analibe ngakhale chikalata chobadwira, chifukwa makolo awo nawonso analibe, ndipo mwana wopanda chikalatachi amavutika kulemba mayeso a boma. Malamulo atsopano a dziko a mu 2013 anabwezera umzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, koma kalaliki wa kuofesi amafunabe umboni wolembedwa.

Apa ndi pamene sutikesi ija inasintha ntchito. Chitupa chakale cha agogo, chimene chinali chizindikiro cha ukapolo, ndicho chimatchula mudzi, mfumu ndi boma. Khadi la ubatizo limatchula tsiku ndi malo obadwira. Envelopu yosungidwa chifukwa cha sitampa yake imakhala ndi keyala ya wachibale kumbuyo. Zinthu zosungidwa chifukwa cha chikondi kapena mantha n'zimene zingathandize mdzukulu kulondola mzere wa makolo ake, ngati zinapulumuka. Zambiri sizinapulumuke. Zapakhoma zinatsala pakhoma pamene mabanja ankachoka m'mafamu atasenza zimene mutu ungathe, ndipo phala la ufa limaitana chiswe.

Olemba mbiri ayamba kutolera zotsalazo. Blair Rutherford analemba za antchito a m'mafamu a ku Hurungwe, boma loyandikana ndi Makonde, m'buku la mu 2001, ndipo Zoë Groves anatulutsa mu 2020 buku lolondola machona kuyambira 1900 mpaka 1965. Koma nkhokwe za boma ku Harare ndi ku Zomba zimasunga kwambiri zimene mabwana analemba: chiwerengero cha olowa pachipata, cha othawa ntchito, cha odwala. Zimene mayi wa ku Mangula anasankha kudula mu Parade, ndi zimene anasiya kuti bambo apichirire fodya, zili m'masutikesi amene atsala m'nyumba za pamgodi, m'manja mwa adzukulu amene ambiri a iwo amalankhula Chishona.