Mbiri ya kutulukira maumbidwe a DNA ndi mapuloteni

DNA inapezeka mu 1869, pamene Friedrich Miescher wa ku Switzerland anaichotsa m'maselo a mafinya a pa mabandeji ku Tübingen. Akatswiri sanaiwerengere kwenikweni, poganiza kuti zotengera kwa makolo zimakhala m'mapuloteni. Maganizowa anayamba kusintha mu 1944, Oswald Avery ndi anzake ataonetsa kuti zimasungidwa mu DNA.

Chinatsala n'kudziwa mmene DNA inaumbidwira. Chinthu chaching'ono chotere sichioneka ndi maso, choncho ankachiwomba ndi X-ray n'kuwerengera maumbidwe ake kuchokera ku madontho otuluka pa filimu. Katswiri wa ntchitoyi anali Rosalind Franklin wa ku King's College, London. Mu May 1952, iye ndi wophunzira wake Raymond Gosling anajambula chithunzi chotchedwa Photo 51, chomwe madontho ake anandandalika ngati X, chizindikiro chakuti DNA ndi yopotana.

Kumayambiriro kwa 1953, Maurice Wilkins wa ku King's College komweko anaonetsa James Watson chithunzicho Franklin osadziwa. Miyezo ya Franklin inafikanso kwa Francis Crick ku Cambridge kudzera mu lipoti limene Max Perutz anapereka. Watson ndi Crick anaphatikiza izi ndi zimene Erwin Chargaff anapeza, zakuti mwa zigawo za DNA zotchedwa A, T, G ndi C, A amachuluka mofanana ndi T, ndipo G mofanana ndi C. Pa 25 April 1953 analengeza m'magazini ya Nature kuti DNA ndi zingwe ziwiri zopiringizana, ngati makwerero opotoka. Nzeru yolumikiza A ndi T, G ndi C inali yawodi, koma popanda miyezo ya Franklin akanangopenekera. Ngakhale Linus Pauling, ndi ukatswiri wake wonse, anali atangolakwitsa kumene ponena kuti zingwezo n'zitatu. Franklin anamwalira mu 1958 ali ndi zaka 37, ndipo mphotho ya Nobel ya 1962 inapita kwa Watson, Crick ndi Wilkins. Dzina la Franklin linayenera kutchulidwa mokweza kuyambira pachiyambi.

Mapuloteni anavuta kwambiri. John Kendrew anaonetsa maumbidwe a myoglobin mu 1958, ndipo Perutz anatha zaka zoposa 20 pa haemoglobin, puloteni yonyamula mpweya m'magazi. Lero pulogalamu ya kompyuta ya AlphaFold imalosera maumbidwe otere mwachangu.

Phindu la kudziwa maumbidwe a mapuloteni lafika m'zipatala za m'Malawi. Maumbidwe a protease, puloteni imene kachilombo ka HIV kamadalira pokhwima, anadziwika mu 1989, ndipo akatswiri anapanga mankhwala olowa ndendende m'mphako mwake n'kuitseka. Ma ARV monga lopinavir ndi atazanavir ndi a gulu limeneli.