Tomato wathu: kuchokera kudzala, kupita kudimba, lero akufuna alowe m'pulasitiki

Lero ndalemba zazitali, ndiye amene bandulo yatsala pang'ono muwerenge usiku.

Sabata yatha pagulu lathu la pabanja la WhatsApp panabuka nkhani. Mphwanga wa ku Area 25 wapeza kandalama, akuti timange greenhouse ya tomato kudimba kwa amayi, pamene pali chitsime chosaphwa chija. Alongo anga a ku Johannesburg avomera kale kuti aponyapo yawo. Ine nditangoti "tiyeni tikambirane kaye", ena anayamba zoti ndine wotsalira, ndimaopa zatsopano. Sindikuopa ayi. Greenhouse ndikuifuna, koma osati padimba paja. Kuti mundimvetse, lolani ndiyambire kutali, kumene tomatoyu anachokera kuti afike pamene alipa.

Agogo athu sankadzala tomato. Chimene ankadziwa ndi phwetekere, kaja kakang'ono kowawasa kamene kamamera kokha kudzala, kuseri kwa khola, kapena pachulu m'munda wa chimanga. Mwana ankatumidwa kukatola pang'ono m'kambale, nkuponya mu nkhwani kapena m'chisoso, basi ndiwo zapsa. Panalibe wogula, panalibe wopopera mankhwala, ndipo ndi amayi amene ankadziwa pamene pamera phwetekere chaka chino. Komatu ngakhale iyeyo ndi mlendo. Kwawo kwa tomato ndi ku South America, ndipo amene anayamba kumulima ngati mbewu ndi anthu a ku Mexico. Anthu a ku Spain anamutengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, zaka zomwezo Apwitikizi anali atakhazikika ku Tete m'mbali mwa Zambezi. Iwo amati "tomate", ife timati matimati. Ine ndikamva maina awiriwa ndimaona ngati ndi pachibale.

Chimene chinaphunzitsa dera lathu lino kusamala mbewu yanthete si tomato, ndi fodya. M'chaka cha 1920 azungu awiri, Barron ndi Wallace, anatenga malo ku Mbabzi ndi ku Lingadzi nkuyamba kugawa mbewu ya fodya wa chikopa kwa anthu a m'midzi. Pofika 1926 boma la atsamunda linali litakhazikitsa Native Tobacco Board yoyang'anira ulimiwu. Kuyambira pamenepo azigogo athu, kuchokera ku Nsaru mpaka ku Kabudula ndi Nambuma, anaphunzira kukonza mabedi kudambo, kuwotcha nazale ndi mapesi, kufesa timbewu tosaoneka ndi maso tija, kuphimbira ndi udzu, kuthirira m'mawa ndi madzulo, kuwokera mvula ikagwa. Luso lonse limene timagwiritsa pa tomato lero linachokera kumabedi a fodya. Ndipo fodya akachoka pa nazale kupita kumunda, mabedi aja ankatsala ndi chonde, amayi nkudzalapo mpiru ndi tomato. Musaiwale mfundo imeneyi, tibwereranso. Fodya ndi tomato ndi banja limodzi, ndipo matenda awo ambiri ndi amodzi.

Msika unabwera ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi chitukuko chija cha Lilongwe Land Development Programme chimene chinayamba mu 1968 ndi ngongole ya World Bank. Akuluakulu akuchikumbuka bwino: misewu ya dothi yolowa m'midzi, mijigo, migula m'minda, misika ya ADMARC, alangizi oyenda pa njinga, komanso kalembera wa malo uja wa Ndunda, pamene malo ankalembedwa m'dzina la banja lonse. Chachiwiri ndi kusamuka kwa likulu la dziko kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975. Mwadzidzidzi panapezeka anthu ambirimbiri olandira malipiro pamwezi, opanda dimba, ofuna tomato tsiku lililonse, ndipo msewu wokafika kwa iwo unalipo. Apa mpamene tomato anasanduka ndalama. Mbewu za m'mapaketi ngati Moneymaker ndi Roma zinalowa, amuna nkuyamba kumanga madengu pa njinga mbandakucha kulowera kutauni. Chodabwitsa nchakuti Chitedze ili pakhomo pathu pomwepa kuyambira 1948, koma kafukufuku wamkulu wa zamasamba ndi zipatso anali ku Bvumbwe ku Thyolo. Kuno maso onse anali pa chimanga, mtedza ndi fodya, ndiye za tomato tinkaphunzira pokopera kwa anzathu.

Mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, madambo nkudzaza ndi nazale. Kenako njala ya 2002 inatiphunzitsa kuti mvula yokha siidalirika. Zaka zotsatirazo ma thiredo pampu anagawidwa m'midzi yambiri, pambuyo pake ma injini a petulo, lero ma pampu a sola. Kunabweranso mbewu za ku Tanzania, Tengeru 97 ndi Tanya, zolimba khungu, zosaphwanyika msanga pa lole. Zonsezi zinali zabwino, koma zinabala vuto limene tonse tikulidziwa. Aliyense amafesa mvula ikatha, aliyense amakolola nthawi imodzi. Kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, pitani pa Namitete, pa Nsundwe, pa Mpingu, milu ya tomato mbali zonse za msewu. Mavenda amabwera ndi mabeseni awo akuluakulu, amatchula okha mtengo, ndipo iwe ukakana amangoloza wa mnzako. Ndinabwererapo ku Wakawaka ndi ndalama yosakwana kulipira galimoto imene inanditengera katundu. Tsiku limenelo ndinafika kunyumba osalankhula ndi munthu.

Tsono tembenuzani kalendala. Januwale, Febuluwale, Malichi, tomato yemwe uja amasowa, ndipo inu a m'tauni mumatiimbira foni kudandaula kuti mulu wa tomato atatu wakwera ngati nyama. Chifukwa chake ndi chiwawu. Matendawa amakonda tsamba lonyowa ndi nyengo ya mitambo. Mvula ikagwa masiku atatu osalekeza, munda wonse umada ngati wawauka ndi moto. Chiwawu chimenechi si chamasewera, ndi chomwe chija chinaononga mbatata ya kachewere ku Ireland kuyambira 1845 mpaka anthu ochuluka kufa ndi njala. Olima tomato wa dzinja amalimbana nacho ndi Dithane ndi kopa, koma ukapopera m'mawa mvula nkugwa masana, ndalama yako yapita ndi madzi. Pamwamba pa izo, cha m'ma 2016 kunafika kambozi kaja ka Tuta absoluta, kamene kamalowa m'kati mwa tsamba ndi m'chipatso momwe. Nakonso nkochokera ku South America, kanaoneka ku Spain mu 2006, nkuyenda mpaka kutipeza kuno nthawi imodzimodzi ndi ntchemberezandonda za m'chimanga.

Apa ndiye pamene greenhouse ikulowera. Kumayiko ozizira anaimangira kuteteza mbewu ku chisanu. Ya pulasitiki imene tikuonayi inakula kwambiri ku Almería, kumwera kwa Spain, kuyambira m'ma 1960, ndipo mthirira wa madontho unayamba kugulitsidwa ku Israel ndi kampani ya Netafim, imene inakhazikitsidwa mu 1965. Ku Kenya anaichepetsa kuti ikwane mlimi wamba, ija ya mamita 8 m'lifupi ndi 15 m'litali. Kuno kwathu zikuluzikulu mwazionapo ku Lumbadzi pafupi ndi bwalo la ndege, za Greenbelt Authority ndi anzawo a Inosselia. Koma ife chisanu si vuto lathu lalikulu. Kwa ife greenhouse ndi ambulera ndi neti ya udzudzu basi: denga loti tsamba lisanyowe, ndi neti m'mbali yoti agulugufe a Tuta ndi ntchentche zoyera zisalowe.

Ubwino wake ndi weniweni, sindikutsutsa. Tomato wa panja ngati Tanya amabereka pamodzi, ukathyola mwezi umodzi kapena kuposerapo pang'ono watha. Wa m'greenhouse, ngati Anna F1, amangokulirakulira pa chingwe, ukamamuthenera mphukira za m'khwapa ndi kumudyetsa bwino umathyola sabata ndi sabata kwa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Zipatso zimakhala zosalala, zofanana, zimene mashopu akuluakulu ndi mahotela amafuna. Pamalo ochepa pamatuluka zambiri.

Koma pali zimene kanema wa pa Facebook sakuonetsani. M'nyumba ija mvula silowa, ndiye ngakhale kunja kukugwa chimvula, iwe uyenera kuthirira. Ya mamita 8 ndi 15 imalowa mitengo pafupifupi 300, ndipo mtengo wobereka nthawi yotentha umamwa malita awiri patsiku. Werengani nokha: malita 600, ndowa 30 za malita 20, tsiku lililonse, Lamulungu ndi tsiku la maliro lomwe. M'katimo mulibe mphepo kapena njuchi, ndiye m'mawa uyenera kugwedeza zingwe kuti maluwa agwire. Mu Okutobala, ngati denga lili lalifupi, kutentha kumapitirira ndipo maluwa amangoyoyoka, kangaude wofiira nkuswana. Tuta akangolowa chifukwa wina wasiya chitseko chotsegula, ndiye kuti wamumangira nyumba yabwino yopanda adani. Wosuta fodya akagwira mitengo osasamba m'manja atha kusiyapo matenda a mawangamawanga. Pulasitiki nayonso imatha ndi dzuwa pakapita zaka zitatu kapena zinayi, ndipo iyo, neti, mapaipi ndi mbewu ya haibulidi zonse zimachokera kunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo wa zipangizozi unatsatira dola, koma wa beseni la tomato pa Nsundwe sunatsatire.

Ndinaziona ndi maso ku kalabu yathu. Bungwe lina linatimangira greenhouse, anajambula zithunzi, tinavina. Chaka choyamba tinakolola mpaka kudabwa. Ndalama tinagawana yonse, osasungako ya pulasitiki. Chaka chachiwiri mitengo inayamba kufota masana ngakhale dothi lili lonyowa, titazula tinapeza mizu yatupa ngati mikanda. Malo aja anali nazale ya fodya zaka zambirimbiri, ndipo tizilombo ta m'dothi tija tinali tikungodikira. Panja ukaona zotere umasamuka, chaka chino apa, chaka chamawa uko, pakale nkudzalapo chimanga. Greenhouse siisamuka ndi manja awiri. Chimphepo cha mvula yoyamba chinang'amba denga, panalibe wotulutsa ndalama, lero m'menemo mumagona mbuzi. Zolakwa zinali zathu zomwe, sindikunamizira munthu.

Ndiye mphwanga, ukuona chifukwa chake ndikukana padimba pa amayi? Phindu la greenhouse lili m'dzinja, ndipo m'dzinja dimba lija limakhala thope, madzi amatuluka pansi. Uteteza mvula ya kumwamba, mizu nkuola ndi madzi a pansi. Chachiwiri, malemu bambo anafesapo fodya pamenepo kuyambira tili ana, ndipo pambuyo pake pakhala pakulowa tomato chaka ndi chaka. Dothi limenelo ndikulidziwa. Nthawi ya chilimwe, pamene dimba limagwira ntchito, tomato wa panja amachita bwino popanda denga, ndipo ngakhale mtengo ugwe, zimene walowetsa ndi mbewu, manyowa, timitengo tomangirira ndi thukuta. Ukaluza umalira sabata imodzi. Kuika pulasitiki ya mamiliyoni pamenepo kuti ukapikisane ndi milu ya mu Seputembala, aaa, ineyo ayi.

Chachitatu ndi chimene chikundipweteka kwambiri, ndipo pagulu paja palibe anachitchula. Dimba lija ndi la mbumba. Amayi analandira kwa amayi awo, ndipo padimbapo mpamene iwo, azakhali aang'ono aja ndi alamu anu amapeza mpiru, chimanga chachiwisi, nyemba ndi ndalama ya mchere, sopo ndi chigayo popanda kupempha mwamuna. Taonani mmene mbiri yayendera: phwetekere anali wa amayi, tomato atayamba kulowa pa njinga anakhala wa abambo, ndipo akalowa m'nyumba yokhala ndi loko adzakhala wa amene anatumiza ndalama. Chitsime chosaphwa chija chikamangidwa paipi, keni ya amayi idzatunga kuti mu Okutobala? Sindikunena kuti muli ndi mtima woipa, ndikudziwa mukufuna kutithandiza. Koma zinthuzi zimayamba choncho, anthu nkudzasiya kulonjerana pamaliro.

Maganizo anga ndi awa. Timange kumtunda, kuseri kwa chigafa chakale, pamene sipanalowepo fodya kapena tomato ndipo madzi sadikha. Tisanagule pulasitiki tiyambe ndi madzi: chitsime chakechake, pampu ya sola ndi thanki. Ngati ndalama ikwana zokhazo chaka chino, zikhale zokhazo, tithirire tomato wa panja kaye. Denga likhale lalitali, neti mbali zonse, zitseko ziwiri. Tizifesa kumayambiriro kwa Okutobala, kuwokera mu Novembala, kuti kuthyola kuyambe kumapeto kwa Januwale pamene mtengo uli kumwamba. Pa ndalama iliyonse yolowa tizichotsa kaye ya pulasitiki ina. Ndipo iwe mphwanga, poti uli m'tauni, ntchito yako yaikulu si kutumiza ndalama yokha, koma kutipezera wogula wokhazikika tisanafese, chifukwa tomato wa m'greenhouse ukapita naye kwa mavenda amamuyeza ndi beseni lomwe lija.

Amalume avomera kuti tikumane Loweruka likubwerali masana pakhomo pawo, poti za malo a mbumba sitingamalize pafoni iwo palibe. Amayi akhalapo ndipo ayambe ndi iwo kulankhula. Alongo a ku Joni tidzakuimbirani pa WhatsApp, konzekerani bandulo. Mphwanga ubwere ndi mitengo ya zipangizo yolembedwa papepala, ndipo uvale nsapato zoti tikatsike nazo kudambo, ndikakuzulire mtengo umodzi wa tomato uone mizu yake.