Mbiri ya Mganda ndi Aphunzitsi Ace

Abale athu a ku Mitundu ndi ku Nathenje audziwa bwino mganda, pakuti cimanga cikalowa m'nkhokwe, ng'oma zace zimveka madzulo kutsidya kwa madambo. Koma ambiri a ife tiyesa kuti gule ameneyu ngwa makolo akalekale monga nyau ndi cisamba. Iai, mganda ndi mlendo, ndipo zaka zace tikhoza kuziwerenga.

Muzu wace uli ku gombe la nyanja yamcere. Ca m'ma 1890 anyamata a ku Mombasa, Lamu ndi Tanga anayamba gule wochedwa beni, potsanza asilikari a Azungu ndi malipenga ao. Tsono m'caka ca 1914 inabuka nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani, nimenyedwa ku Karonga mwezi wa September, nipitirira m'maiko a kum'mawa kufikira 1918. Boma linatenga amuna a dziko lino monga 200,000 akhale amtengatenga, ndi ena zikwi zambiri akhale asilikari a King's African Rifles. Ambiri anafera m'njira ndi njala ndi kamwazi. Amene anabwerako anadza ndi perete m'miyendo mwao. Kwa Ayao dzina la beni linakhazikika. Atonga a ku Nkhata Bay anati malipenga. Kuno kwa Acewa titi mganda. Ife tizizwa naco ici, kuti anthu anatenga cinthu cimene cinawasautsa, nacisandutsa cokondweretsa mudzi.

Nanga munthu auphunzira bwanji? Mwana sayamba ndi kubvina, ayamba ndi kupenya. Akhala m'pfumbi pambali pa bwalo, maso ali pa mapazi a akulu, ndipo m'mawa mwace iye ndi anzace atsanzira kuseri kwa khola, citini cikhala ng'oma. Akasinkhuka ampatsa badza, ndilo cikho couma cobooledwa, cimene kale anamatapo nembanemba ya kangaude kuti mau a woyimbamo alire ngati lipenga. Pamenepo aima mu mzere wa m'mbuyo, kumene kuphonya sikuoneka kwambiri. Mganda sukonda wodzionetsa. Phazi limodzi likacedwa, mzere wonse waonongeka. Aphunziranso kucapa malaya ndi kuwasita ndi simbi ya makala, pakuti wauve salowa m'bwalo. Zipita zaka asanafike kutsogolo. Ndipo maondo akayamba kulema, nchito yace yeniyeni ndiyo yayamba: apeka nyimbo, akonza maponderedwe atsopano, nadzudzula anyamata madzulo onse, wopanda malipiro, wopanda kalata ya umphunzitsi. Amai nao ayenda njira yomweyo m'cimtali.

Ku Ulaya kuli gule wochedwa ballet, amene ana amphunzira m'sukulu zaka zambiri. Mai wina wa ku Russia, Agrippina Vaganova, wobadwa mu 1879, analowa sukulu yotere ku St Petersburg ali kamtsikana, nabvina kufikira 1916, pambuyo pace naphunzitsa ena kufikira imfa yace mu 1951. Moyo wace ufanana ndi wa akulu athu a mganda, koma asiyana pamodzi. Iye analemba buku la maphunzitsidwe ace mu 1934, ndipo aliwerenga kufikira lero. Athu sanalembe kanthu.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, magule anaitanidwa ku misonkhano ya Dr Kamuzu Banda, ndi nyimbo zambiri zinasanduka zotamanda boma. Nthawi imeneyo inapita. Lero cimene cisautsa mganda ndi cina: pa ukwati anthu abwereka zokuzira mau m'malo mwa ng'oma, ndipo mnyamata amene akadaima mu mzere wa m'mbuyo ali ku Lilongwe kapena ku Joni kufuna nchito. Gule wamkulu anamlemekeza a UNESCO mu 2005. Mganda utsamira pa okalamba owerengeka m'mudzi uli wonse.

M'sukulu za pulaimale muli phunziro la Expressive Arts, lochula magule a dziko lathu. Koma buku silingathe kuonetsa mwana pomwe phazi liponda. Cifukwa cace tipempha aphunzitsi ndi akulu a makomiti a sukulu ku Mitundu ndi ku Nathenje, kuti m'nyengo ya cilimwe aitane akuluwa pa bwalo la sukulu, adze ndi ng'oma zao ndi mabadza.