Kambuku wa ku America ndi nkhalango yoduka-duka

Tonse timamdziwa kambuku. Tikaona mapazi ace pafupi ndi khola, usiku umenewo sitigona tulo. Kutsidya kwa nyanja ya mcere, ku America, kuli cirombo cofanana naye. Ku Brasil amacicha onça-pintada, ku Argentina amati yaguareté, ndipo m'mabuku ambiri cimalembedwa jaguar. Cimaposa kambuku wathu kukula, ciri ndi mutu waukuru, ndipo cimakonda kusambira. Ife pano tingoti kambuku wa ku America.

Apwitikizi atafika ku Brasil m'caka ca 1500 anapeza nkhalango yaikuru m'mbali mwa nyanja. Dzina lace ndi Mata Atlântica. Inayambira kumpoto cakum'mawa kwa Brasil nitsikira kum'mwera mpaka kulowa m'Paraguay ndi m'Argentina. Kukula kwace inaposa dziko lathu lonse la Moçambique. Kambuku ankatha kuyenda masiku ambiri osacoka pamthunzi.

Nkhwangwa inayamba msanga. Poyamba atsamunda anadula mtengo wa pau-brasil, umene umaturutsa utoto wofiira. Kenaka anatentha nkhalango kuti abzale nzimbe. M'zaka za m'ma 1800 anagwetsa mitengo ya m'mapiri kuti abzale khofi. Tisaiwale amene anagwira nkhwangwazo. Anali akapolo ocokera ku Africa, ndipo ena a iwo anakwezedwa m'zombo ku Quelimane ndi ku Ilha de Moçambique. Mbali ya kumadzulo, kufupi ndi mtsinje wa Paraná, inatsalako nthawi yaitali. Koma kuyambira m'ma 1950 alimi atsopano anadzaza kumeneko, ndipo m'ma 1970 minda ya soya inameza pafupifupi zonse.

Nkhalango siinathe tsiku limodzi ngati udzu wopsa ndi lupsa. Inang'ambika ngati nsaru yakale, cigamba apa, cigamba uko. M'caka ca 2009 akatswiri anayesa zimene zinatsala. Anapeza kuti mwa magawo 100 a nkhalango yakale panatsala magawo pafupifupi 12. Ndiponso mwa zigamba 10 zirizonse, zigamba 8 sizinafike mahekitala 50.

Kwa mlimi wa khasu mahekitala 50 ndi malo ambiri ndithu. Kwa kambuku si kanthu. Wamphongo mmodzi amafuna mahekitala zikwi zingapo kuti apeze cakudya. Taganizani za kambuku wotsekeredwa m'cigamba cotere. Nyama zodya zimatha msanga. Mwana akakula alibe kopita. Akafuna mkazi amapeza mlongo wace, ndipo mbumba yokwatirana pacibale imafooka. Akaturuka kukafuna cigamba cina amadutsa minda, miseu ndi agaru. Njala ikamuwawa amagwira thole la munthu, mwini thole nkutenga mfuti.

Panalinso tsoka lina. M'zaka za m'ma 1960 anthu olemera a ku Ulaya ndi ku United States anakonda malaya a cikopa ca mawanga. Zikopa zikwi zambiri zinkatumizidwa kunja caka ndi caka. Brasil analetsa malonda a nyama za kuthengo m'caka ca 1967, ndipo m'caka ca 1975 pangano la maiko lochedwa CITES linayamba kugwira nchito. Malonda a zikopa anagwa. Koma m'Mata Atlântica akambuku anacepabe, pakuti lamulo la zikopa silinabweze mtengo ndi umodzi womwe. M'caka ca 2016 akatswiri anati m'nkhalango yonseyo munatsala akambuku osakwana 300.

Tsopano tiyeni tione malo amodzi kumene zinthu zinatembenuka. Pamalire a Brasil ndi Argentina pali mtsinje wa Iguaçu, wa mathithi ochuka. Argentina anapatula nkhalango ya tsidya lace kuti isungidwe m'caka ca 1934. Brasil anacita cimodzimodzi m'caka ca 1939. Komabe kupatula kokha sikunakwane. Alenje ankalowa mobisa. Nguluwe za kumeneko zochedwa queixada, zimene kambuku amadya kwambiri, zinasoweratu ku tsidya la Brasil. M'caka ca 2005 m'dera lonselo, matsidya onse awiri, munali akambuku ngati 40. M'caka ca 2009 ku tsidya la Brasil anawerengako pakati pa 9 ndi 11 okha.

Mkangano waukuru unali wa mseu. Pakati pa nkhalango ya ku Brasil panadutsa mseu wa dothi wa makilomita pafupifupi 18, wochedwa Estrada do Colono. Bwalo la milandu linalamula kuti utsekedwe m'caka ca 1986. Anthu a m'matauni apafupi anakwiya, ndipo m'caka ca 1997 anautsegula okha ndi mphamvu. Apolisi a boma anautsekanso m'caka ca 2001. Anthuwa tisawaseke. Ife tonse tidziwa kupweteka kwa kuzungulira njira yaitali ndi katundu kapena ndi wodwala, ndipo iwo anayenera kuzungulira makilomita oposa 100. Koma mseuwo ukadakhala, ukadadula cigamba cacikuru cotsala kukhala zigamba ziwiri, ndi kutsegulira alenje khomo. Ife tiona kuti bwalo linaweruza bwino, ngakhale mtengo wace anaulipira ndi anthu wamba.

Ku Argentina, cigawo ca Misiones cinakhazikitsa lamulo m'caka ca 1999 lochedwa Corredor Verde, ndiko kuti njira yobiriwira. Lamuloli linakhudza mahekitala oposa miliyoni imodzi. Colinga cace cinali kusunga mitengo imene imalumikiza nkhalango ina ndi inzace, ngakhale pa malo a anthu, kuti nyama iziyenda.

Nchito ina inacitika pa makola. Osunga nyama anayamba kuyendera alimi okhala m'malire. Anawalangiza kutsekera matole ndi nkhosa usiku, kukwirira ciweto cakufa kuti fungo lisaitane cirombo, ndi kuika nyali zophethira-phethira pa khola. M'nkhalango anamangirira pa mitengo makamera ojambula okha nyama ikadutsa. Kambuku ali yense ali ndi mawanga ace-ace, monga ife tiri ndi zidindo za zala, motero akatswiri a maiko awiriwo anatha kuwerenga mmodzi-mmodzi. Zithunzi zinaonetsa akambuku ena tsidya lino caka cino, tsidya lija caka camawa. Anali kuoloka mtsinje posambira.

M'caka ca 2016 nguluwe za queixada zinaonekanso ku tsidya la Brasil. M'caka ca 2018 ciwerengero ca akambuku m'deralo cinafika pafupifupi 105. M'caka ca 2022 anapeza pafupifupi 93. Pa malo a mseu uja pamera mitengo, koma m'zaka zotsatira kutsekedwa kwace andale ena a ku Paraná anapita kangapo ku nyumba ya malamulo kukapempha kuti utsegulidwenso.