Kampani ikalephera kubweza ngongole: njira zomwe malamulo amapereka

Pa malamulo, kampani imatengedwa kuti yagwa ikayamba kulephera kubweza ngongole pa nthawi yomwe idagwirizana ndi oikongoza, kapenanso ngongole zake zikaposa mtengo wa katundu yense yemwe ili naye. Zikafika apa, omwe amakhala pa chiopsezo si eni ake okha. Ogwira ntchito, mabanki, amalonda omwe amaipatsa katundu pa ngongole komanso boma lomwe limadikira misonkho, onsewa amafuna kudziwa ngati apezepo kanthu.

M'dziko muno nkhani zoterezi zimayendetsedwa ndi lamulo la Insolvency Act la chaka cha 2016, ndipo milandu yake imamvedwa ku nthambi ya bwalo lalikulu yoona za malonda.

Njira yomwe anthu ambiri amaidziwa ndi yotseka kampaniyo. Eni masheya atha kugwirizana okha kuti bizinesi ithe, kapena yemwe ili naye ngongole atha kukapempha bwalo kuti liitseke. Pamasankhidwa katswiri yemwe amasonkhanitsa katundu yense, kumugulitsa ndi kugawa ndalamazo motsata ndondomeko ya lamulo. Banki yomwe idagwira chikole imakhala pabwino kusiyana ndi wamalonda yemwe adangopereka katundu pokhulupirira mawu, pomwe eni masheya amalandira pomaliza, ndipo kawirikawiri amatuluka chimanjamanja.

Banki ya chikole ilinso ndi njira yakeyake. Itha kuika munthu woti ayang'anire katundu wa chikoleyo mpaka ndalama zake zibwerere.

Chomwe lamulo la 2016 lidalimbikitsa kwambiri ndi njira yopulumutsa kampani isanafe. Apa kampani imaikidwa m'manja mwa katswiri wovomerezeka, ndipo kwa kanthawi angongole saloledwa kulanda katundu kapena kupitiriza milandu popanda chilolezo. Mpata umenewu ndi womwe katswiriyo amagwiritsa ntchito pokonza dongosolo loti angongole alivomereze: kutalikitsa nthawi yobwezera, kukhululuka gawo la ngongole, kugulitsa nthambi zomwe sizikupindula kapena kupeza wina woikamo ndalama. Maganizo ake ndi oti fakitale yomwe ikugwira ntchito ili ndi mtengo woposa makina ake akagulitsidwa limodzilimodzi. Vuto ndi loti akuluakulu a makampani ambiri amabisa mavuto poopa manyazi, ndipo amapempha thandizo madzi atafika kale m'khosi, pomwe palibenso choti chipulumutsidwe.

Chitsanzo chomwe Amalawi ambiri akuchikumbukira ndi cha Air Malawi. Kampani ya ndegeyi idayamba mchaka cha 1964 ngati nthambi ya Central African Airways ndipo idaima payokha mu 1967. Itavutika ndi ngongole kwa zaka zambiri, boma lidaganiza zoithetsa mu November 2012, ndipo ndege zake zidasiya kuuluka mu February 2013. Ogwira ntchito ambiri adachotsedwa.

Ntchito ya ndege sidafere pomwepo. Mchaka chomwecho cha 2013 padakhazikitsidwa kampani yatsopano ya Malawian Airlines, momwe mbali ya Malawi idatenga magawo 51 pa 100 alionse pomwe Ethiopian Airlines idatenga 49. Ndege zake zidayamba kuuluka mu January 2014. Apa kampani yakale idafa, koma bizinesi idapitirira pansi pa dzina lina, ndi mnzake wa luso pa ntchitoyo.

Dziko la South Africa lidasankha njira ina pa kampani yake ya South African Airways. M'malo moitseka, lidaiika m'manja mwa akatswiri opulumutsa makampani mu December 2019. Idatuluka m'dongosololi mu April 2021 itachepetsa kwambiri ndege ndi ogwira ntchito, ndipo idayambiranso kuuluka mu September chaka chomwecho.