Taxonomy: Kuika Zamoyo ndi Ogwira Ntchito Zachipatala M'magulu

Taxonomy n'chiyani?

Taxonomy ndi luso loika zinthu m'magulu ndi kuzipatsa mayina motsatira malamulo ogwirizana. Liwuli linachokera ku mawu awiri a Chigiriki, lina lotanthauza "dongosolo", lina "lamulo", ndipo analiyambitsa ndi katswiri wa zomera Augustin de Candolle m'chaka cha 1813. Kuchipatala lusoli limagwira ntchito pawiri: pozindikira kachilombo kamene kakukudwalitsani, komanso podziwa ntchito imene wachipatala aliyense analoledwa kugwira.

Kuika zamoyo m'magulu

Dongosolo limene asayansi amatsatira lero linakhazikitsidwa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene anatulutsa buku lake la Systema Naturae mu 1735. Iye anapatsa chamoyo chilichonse dzina la mawu awiri a Chilatini. Liwu loyamba limatchula gulu la zamoyo zapachibale, monga momwe mfunda wa Phiri kapena Banda umasonyezera anthu a fuko limodzi, ndipo lachiwiri limatchula mtundu weniweniwo. Motero munthu ndi Homo sapiens, pamene chimanga ndi Zea mays.

Magulu ang'onoang'onowa amalowa m'magulu okulirapo, mpaka kufika pa magulu aakulu monga nyama, zomera, mafangasi ndi mabakiteriya. Kale akatswiri ankayang'ana maonekedwe okha, koma masiku ano amayezanso DNA kuti atsimikize ubale wa zamoyo. Ubwino wa mayinawa ndi wakuti sasintha ndi chinenero: dokotala wa ku Chipata, wa ku Tete ndi wa ku Lilongwe amamvana pa dzina limodzi.

Chifukwa chake gulu la kachilombo ndi lofunika

M'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku timangoti "tizilombo toyambitsa matenda", koma tizilomboti tili m'magulu osiyana kwambiri, ndipo mankhwala opha gulu lina sapha linzake.

• Mabakiteriya: amayambitsa matenda monga chifuwa chachikulu, khate ndi kolera. Amafa ndi maantibayotiki oyenerera.
• Mavairasi: amayambitsa chimfine, chikuku ndi Edzi. Maantibayotiki monga amoxicillin sawapha ngakhale pang'ono.
• Mafangasi: amayambitsa zipere komanso zilonda zoyera za m'kamwa.
• Tizilombo tina todyera m'thupi: muli ta malungo, ta likodzo ndi njoka za m'mimba.

Ngakhale m'gulu limodzi, mtundu weniweniwo umasintha chithandizo. Malungo amayamba ndi tizilombo ta gulu la Plasmodium, timene timafalitsidwa ndi udzudzu waukazi wa gulu la Anopheles. Mtundu wofala kwambiri kuno ku Africa, womwenso umapha anthu ambiri, ndi Plasmodium falciparum. Mitundu ya Plasmodium vivax ndi Plasmodium ovale imatha kubisala m'chiwindi n'kudzayambitsanso malungo patapita miyezi, choncho imafuna mankhwala owonjezera. Likodzo nalonso lili pawiri: Schistosoma haematobium amakhudza chikhodzodzo ndipo munthu amakodza magazi, pamene Schistosoma mansoni amakhudza matumbo ndi chiwindi.

Ichi n'chifukwa chake achipatala amayamba ayeza magazi, makhololo, mkodzo kapena chimbudzi asanapereke mankhwala. Kutentha thupi konse si malungo. Kumwa mankhwala a malungo kapena maantibayotiki musanayezetse kumachedwetsa chithandizo choyenera, ndiponso kumachititsa kuti tizilombo tiyambe kupima mankhwala.

Kuika ogwira ntchito zachipatala m'magulu

Liwu lomweli limagwiranso ntchito pogawa achipatala potengera maphunziro awo ndi ntchito imene amaloledwa kugwira. Ku United States, wachipatala aliyense amene amalipidwa kudzera ku inshuwalansi amasankha nambala ya zilembo ndi manambala 10 yosonyeza gulu lake. Mwachitsanzo, 207Q00000X ndi ya dokotala wosamalira banja lonse. Mndandandawu umasungidwa ndi bungwe la National Uniform Claim Committee, ndipo ndi wa dziko limenelo lokha.

Mayiko ena ambiri, powerenga antchito awo, amatsatira mndandanda wa ISCO-08 wa bungwe la International Labour Organization. Mmenemo dokotala woona matenda osiyanasiyana ndi 2211, dokotala amene anazama pa gawo limodzi ndi 2212, namwino ndi 2221, mzamba ndi 2222, ndipo wogwira ntchito zaumoyo m'midzi ndi 3253.

Amene mungakumane nawo kuchipatala

Ambiri a ife timatchula aliyense wovala zoyera kuti "adokotala", koma ntchito zawo n'zosiyana.

• Mlangizi wa zaumoyo: amapereka katemera, amayeza ana kusikelo ndi kuphunzitsa zaukhondo m'mudzi.
• Medical assistant ndi clinical officer: amaona odwala ndi kulemba mankhwala. Ku Malawi, ma clinical officer ambiri a m'zipatala za m'maboma amachitanso opaleshoni ya amayi oyembekezera.
• Namwino ndi mzamba: amasamalira odwala, amayi apakati ndi ana ongobadwa kumene.
• Dokotala: amaona matenda ovuta, ndipo amene anazama pa gawo limodzi amapezeka makamaka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi University Teaching Hospital ku Lusaka.
• Wa ku labu amayeza magazi ndi zina, pamene wa ku famase amapereka mankhwala ndi kufotokoza kamwedwe kake.

Ambiri mwa akatswiriwa ayenera kulembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchito yawo. Ku Malawi kuli Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, ku Zambia kuli Health Professions Council of Zambia, ndipo ku South Africa kuli Health Professions Council of South Africa. Mukatumizidwa ku chipatala chachikulu, sikuti akukukanani: matenda anu akufuna wachipatala wa gulu lina kapena zipangizo zimene pamalopo palibe.

Zoyenera kuchita

• Funsani dzina la matenda amene akupezani nawo, ndipo onetsetsani kuti lalembedwa m'buku lanu la kuchipatala.
• Musaumirire kuti akupatseni maantibayotiki pa chimfine wamba.
• Musagawane mankhwala ndi wina ngakhale zizindikiro zikufanana.
• Muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu dzina ndi udindo wa amene akukuthandizani.
• Pa chipatala cholipira, onani ngati chiphaso chovomerezeka chapachikidwa poonekera.
• Mukapatsidwa kalata yopita nayo ku chipatala china, pitani mwamsanga ndipo musaiwale kalatayo.