Ntchito zobwezeretsa chilengedwe ku Chiradzulu: kuchepetsa mphamvu ya madzi osefukira

Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma ang'onoang'ono m'Malawi, koma muli anthu ambiri. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'bomali mudali anthu oposa 350,000. Malo olima ndi ochepa, choncho minda yakwera mpaka m'mbali mwa mapiri. Mitengo yambiri yathera ku nkhuni, makala ndi kuotchera njerwa, zomwe zina mwa izo zimakagulitsidwa ku Limbe ndi ku Blantyre.

Chiyambi cha vuto

Phiri likakhala lopanda mitengo ndi udzu, madzi a mvula salowa pansi. Amathamanga pamwamba, kukokolola nthaka yachonde ndi kukumba zigwembe. Akafika kunsi amakhala atanyamula mchenga ndi miyala, zomwe zimakwirira mitsinje ndi kutseka ngalande za m'misewu. Umu ndi momwe madzi amasefukira m'misika ndi m'matauni, ngakhale vutolo lidayambira kutali kumtunda.

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adaonetsa kukula kwa ngoziyi. Napolo adakokolola mudzi wa Ntauchira, kwa Mfumu Yaikulu Likoswe, ndipo wina wochokera m'phiri la Soche adagumula nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Anthu mazanamazana adataya miyoyo m'chigawo chakummwera.

Njira zogwira madzi

Cholinga cha ntchitozi ndi kuchedwetsa madzi kuti alowe m'nthaka asadasonkhane. M'minda yotsetsereka anthu amaika akalozera ndi kubzalapo udzu wa vetiva, womwe mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kumanga dothi. Amakumbanso maswale, omwe ndi ngalande zopingasa chitsetso zosunga madzi a mvula. M'zigwembe amatchinga ndi miyala kapena mitengo kuti dothi lizitsalira pomwepo mpaka chigwembe chitadzaza. M'mbali mwa mitsinje amabzala nsungwi ndi mitengo monga mbawa, pamene m'mapiri amasamalira mphukira za zitsa, chifukwa zimakula msanga kuposa mbande zakunazale. Madzi olowa pansiwo ndi omwe amathandiza kuti zitsime ndi mijigo zisaphwe m'chilimwe.

Ntchito ndi malipiro

Zambiri mwa ntchitozi zikuchitika kudzera m'ndondomeko ya Climate Smart Enhanced Public Works Programme, yomwe ambiri amaitcha Mbwezera Chilengedwe. Imayendetsedwa ndi makhonsolo mogwirizana ndi bungwe la National Local Government Finance Committee, ndi thandizo la ndalama lochokera ku World Bank ndi mabungwe ena. Olembedwa amakhala a m'mabanja osauka koma okhala ndi mphamvu zogwira ntchito. Amalandira malipiro pa masiku omwe agwira, ndipo pamakhalanso masiku ena ogwira modzipereka. Ndalamazi zimathandiza kugula chakudya, feteleza ndi zofunika kusukulu, makamaka m'miyezi ya njala pamene ena akadathamangira kuotcha makala. Palinso phindu lina lokhalitsa, monga kugulitsa mbande, kuweta njuchi m'nkhalango za m'midzi ndi kuluka zinthu za nsungwi.

Zovuta zake

Kubzala n'kosavuta poyerekeza ndi kusamalira. Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko limakhala m'nyengo yobzala mitengo, koma mbande zambiri zimafa ndi moto wolusa, mbuzi, chiswe ndi ng'amba. Maswale nawo amakwiririka akapanda kufukulidwa mvula isanayambe. N'chifukwa chake makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe, omwe lamulo la zankhalango la 1997 limawavomereza, ali ndi udindo waukulu pamodzi ndi mafumu pokhazikitsa malamulo a m'mudzi ndi kulambula njira zotchinga moto. Kumene anthu apitiriza kusamalira malipiro atatha, nthaka imakhazikika, ndipo okhala kunsi kwa mapiri amapindula nawo mvula yamphamvu ikagwa.